A Zuze ndi Misoti Yochedwa Kuikira

Mwezi wathawu tinamanga chiliza pamanda a bambo aakulu, a Zuze. Tinalipo anthu ochepa. Mmisiri atafunsa chaka chimene anabadwa tinangoyang'anana, ndipo pamapeto pake analembapo dzina ndi chaka chomwalira basi. Simenti ikuuma, azimayi anakhala pamthunzi n'kuyamba kukamba za malemuwo. Monga zimakhalira dzina lawo likatchulidwa kwathu kuno ku Thuchila, nkhani inakathera pa nkhuku.

A Zuze sanali athu m'magazi. Anali amuna awo a mayi aakulu, a Esinati, akulu awo a mayi anga. Kwawo kunali kuseri kwa Milange, ku Mozambique. Anawoloka pa Muloza wapansi ali mnyamata, kudzafuna ntchito yothyola tiyi. Anathyola kwa nyengo zingapo, kenako anawatenga kuti azikathirira maluwa kunyumba ya manijala wa esiteti, ndipo khukhi wa m'nyumbamo atakalamba anawalowetsa m'khitchini. Mmenemo anatulukamo ali ndi imvi. Mabwana anasinthana ambiri iwo ali pomwepo, azungu, amwenye, kenako akuda anzathu, koma sankakonda kukamba za iwo. Ukawafunsa kuti bwana wabwino anali uti, ankayankha kuti iwo ankagwira ntchito ndi sitovu, ndipo sitovuyo inali imodzimodzi zaka zonsezo.

Atapuma ntchito anachoka kumalaini a kampani n'kudzamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata pamalo a akazi awo, monga achitira mkamwini aliyense kuno. Ana anabereka awiri, onse anamwalira ali akhanda. Zimenezi sizinkatchulidwa pakhomo pawo.

M'mudzi sanakwanemo bwinobwino. Khasu linkawakana, mizere yawo inkakhota mwakuti mayi aakulu ankabwera pambuyo n'kumaiwongola. Kumowa sankapita, bawo sankasewera. Chimene chinkaseketsa kwambiri amuna anzawo n'chakuti ankaphika. Anabwera ndi epuloni yawo yoyera kuchokera ku esiteti, ndipo ankaichapa okha, kuisita ndi nsimbi ya makala, n'kuivala polowa m'kakhitchini kaudzu kodzaza utsi. Mayi aakulu ankakhala pakhonde n'kumasola nandolo uku amuna awo akukazinga anyezi. Anthu ananena mpaka anatopa.

Sanali munthu wokoma pakamwa. Ukawapatsa chakudya ankalawa, n'kutchula chimene chalakwika, kenako n'kudya chonse. Pamaliro ena anauza azimayi ophika kuti nyemba zawo zalowa mchere zisanapse, ndipo azimayiwo anakhala chaka osawapatsa moni wabwino. Nkhani akafuna kuitseka ankangoti "Pulonto," mawu a Chipwitikizi amene anatsala nawo. Chilomwe chawo sankalankhula ndi anthu. Ankalankhula ndi nkhuku, chapansipansi, pozithirira madeya.

Dzira ankalilemekeza kuposa nyama. Ankati pa zakudya zonse ndi lokhalo limene limafika kwa wophika m'kati mwake musanalowe dzanja la munthu, ndiye likaipa pamoto palibe wina womuloza chala. Tili atsikana ankatiitana kuseri kwa khitchini n'kutiwiritsira limodzilimodzi. Agogo, apongozi awo, atamva anakwiya, chifukwa kwa iwo mtsikana wozolowera mazira amadzabereka ana opanda tsitsi. Pakuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, mkangano wonse unkadutsa mwa mayi aakulu. Agogo ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti, "Uwauze amuna akowo asandiwonongere mbumba." A Zuze ali m'khitchini ankayankha kuti, "Uwauze amayi kuti ana a mabwana ankadya mazira m'mawa uliwonse, ndipo tsitsi linkawafika m'mapewa." Mayi aakulu ankakhala pakati osauza aliyense kanthu, poti onse awiri anali atamvana kale.

Mikangano yawo yaikulu inali iwiri. Woyamba unali ndi malume, a Dayitoni, mlongo wawo wa mayi aakulu ndi mayi anga, amene ndiwo mwini mbumba kwathu. Kalekale malume anapempha alamu awowo kuti akawanenerere ntchito yaulonda ku esiteti. A Zuze anakawanenereradi. Koma bwana atafunsa ngati munthuyo amagona msanga, iwo anayankha kuti inde, makamaka akalawa. Ntchito inapita kwa wina. A Zuze mpaka imfa yawo sanaone cholakwa pamenepo, ankati anafunsidwa funso ndipo anayankha. Malume sanaiwale.

Wachiwiri unali ndi Abiti Juma, mayi wamasiye wa Chisilamu amene nyumba yake inagundana mpanda ndi yawo. Abiti Juma amagulitsa mandasi ndi mazira owiritsa pamsika wa Thuchila. Awiriwa anayambana sabata imene a Zuze anasamukira m'mudzi, chifukwa cha abakha a Abiti amene ankalowa pansi pa mpanda n'kudetsa pabwalo. Ya abakha itatha inabwera ya madzi otsukira mbale, kenako ya nthambi ya mango, kenako ya mandasi, amene a Zuze ankati amamwa mafuta chifukwa Abiti amawaponya mafuta asanatenthe. Abiti ankawatchula kuti "mkazi mnzanga." Ankakangana ataima mbali ziwiri za mpanda, aliyense akugwira ntchito yake, ndipo palibe m'mudzi amene ankatembenukanso kuti aone.

Mayi aakulu anadwala nthawi yaitali. Anawasamalira ndi a Zuze, kuwaphikira phala, kuwatulutsa padzuwa, kuchapa nsalu zawo mbandakucha anthu asanadzuke. Chaka chimenecho chitopa chinali chitapsereza nkhuku zonse pakhomopo, ndipo khola linali pululu. Tsiku lina mayi aakulu anatuma mayi anga kumsika kuti akawapezere tianapiye tatikazi tosiya kumene make. Mayi anabwera nato tinayi m'dengu, tiwiri takuda, kena kamawangamawanga, kena kofiira. Mayi aakulu ankakhala pamkeka pakhonde n'kumationerera tikupalasa. Anamwalira chimanga chitangolowa m'nkhokwe, tinkhukuto tisanamere n'komwe michira yeniyeni.

Kwathu kuno mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Akakhala ndi ana, anawo amatha kumusunga. A Zuze analibe. Kwawo anachokako zaka zoposa makumi asanu zapitazo. Makolo awo anapita kale, mlongo wawo anamwalira nthawi ya nkhondo, ndipo amene anatsala anali mwana wa mlongo wawoyo, Arimando, wogulitsa nyemba pamalire, amene anaonana naye kangapo konse moyo wawo wonse. Komanso panali nkhani ya nyumba. Mng'ono wanga Chikondi anali atangokwatiwa, ndipo malume anali ataganiza kale kuti nyumba ya malatayo ikhala yake.

Chaka chimenecho ine ndinali kumudzi ndi khanda, ndiye zonsezi ndinaziona ndili pakhonde pa mayi.

Msonkhano wosudzula unachitika m'nyengo yozizira, pabwalo pa a Zuze pomwepo. Malume analankhula mwaulemu. Anathokoza alamu awo chifukwa chosamalira malemu, anati palibe wowada, ndipo anati tsopano ndi omasuka, njira ya kwawo ndi yotseguka.

A Zuze anamvetsera atagwira chipewa m'manja. Kenako anati, "Ndamva, alamu. Sindikukana. Koma malemu anasiya misoti inayi. Anaiitanitsa okha ali pamkeka. Ndiilere kaye mpaka iyambe kuikira, ndione dzira loyamba, ndiipereke m'manja mwa alongo anuwa ili nkhuku zenizeni. Ikaikira, ine ndinyamuka."

Malume anayang'ana tinkhuku tija tikupalasa pafupi ndi mtondo. Aliyense wa pamsonkhanopo anawerengera mumtima. Nkhuku yachikuda yoswedwa nthawi yokolola imayamba kuikira dzuwa likamatentha, mvula isanagwe. Inali miyezi yochepa chabe, ndipo kukana kukanaoneka nkhanza pamaso pa anthu.

"Chabwino, alamu," anatero malume. "Iikire kaye."

"Pulonto," anatero a Zuze.

Kuyambira pamenepo mudzi wonse unayamba kudikira misoti. Sindinaonepo nkhuku zoyang'aniridwa ngati zimene zija. Azimayi popita kumjigo ankasuzumira pabwalopo. Mwamuna wa Chikondi, amene ankagona ndi mkazi wake m'kanyumba kodontha, ankadutsa dala madzulo kuti aone ngati malipombo afiira. Nawo a Zuze anachita zonse zofunika, poyera. Anakonza khola. Analuka zikwatu zinayi za udzu zoti misoti izidzaikiramo, n'kuzipachika pansi pa denga la khitchini. Ankapita kuchigayo kukafuna madeya, ankafukula chiswe m'mawa n'kubwera nacho m'chitini, ankasinja zigoba za nkhono n'kusakaniza m'chakudya. Amene ankawaona ankati munthuyu akufulumira kupita kwawo.

Dzuwa linatentha. Misoti inakula, inanona, malipombo anafiira piriwiri. Tambala wa Abiti Juma anayamba kudumpha mpanda m'mawa uliwonse. Zikwatu zinali zopanda kanthu.

Malume ankabwera Lamlungu lililonse pochokera kutchalitchi.

"Zayamba, alamu?"

"Zatsala pang'ono, alamu."

A Zuze ankagwira msoti umodzi, kuutembenuza, n'kuika zala kumunsi kwa mchira, pamene mafupa amatseguka nkhuku ikakhwima. Ankapukusa mutu n'kunena kuti sipanatseguke. Ankanena ndi nkhope ya munthu amene waswa mazira zaka makumi anayi, ndipo malume sankapempha kuti nawo agwireko.

Kenako kunayamba kumveka kutetera. Chakum'mawa dzuwa litakwera, nkhuku inkatetera kuseri kwa khitchini mudzi wonse n'kumva. Mwamuna wa Chikondi anathamangirako tsiku lina, anapeza a Zuze akusesa, zikwatu zili mbee.

"Imene yatetera ija ndi ya Abiti," anatero a Zuze. "Zimabwera kudzadya madeya anga."

Tsiku lina unagwidwa msoti wamawangamawanga ukutetera uli pamwamba pa mtondo. Iwo anati msoti umayamba kuphunzira kutetera usanaikire, ngati mwana wovala nsapato za bambo ake. Mvula itagwa anati kuzizira kwazibweza m'mbuyo. Mvula itadukiza anati kutentha kwaziumitsa. Njala ya Januwale itafika anati nkhuku yosakhuta siikira.

Miyezi imeneyi ndiyo imene mkangano wawo ndi Abiti Juma unakula kuposa kale lonse. Pafupifupi tsiku lililonse masana a Zuze ankapita kumpanda atanyamula kabeseni ka madeya, akukuwa kuti Abiti atenge madeya ake azidyetsera nkhuku zake kwawo, zisamabwere kudzamaliza a misoti yawo. Abiti ankalanda kabeseniko akutukwana, kuti iye sanapemphe munthu madeya, ndipo kuti mwamuna wovala epuloni asamamuphunzitse kuweta. Mawa lake kabeseni kankabwerera kopanda kanthu, koponyedwa pamwamba pa mpanda. Tinkangoti imfa ya mayi aakulu yawawonjezera ukali.

Arimando anabwera koyamba kudzawatenga dzuwa likutentha, anauzidwa za misoti, anabwerera. Anali bambo wodekha, wolankhula Chichewa chopindika, ndipo iye ankawaitana a Zuze kuti "tiyu," monga aitanira malume kwawoko. Sanaoneke wokhumudwa pobwerera yekha.

Chaka chitatembenuka, msoti wofiira unasowa. Apa a Zuze anadandauladi. Anaufunafuna m'minda, m'nthochi, mpaka kumtsinje, akuuitana m'Chilomwe. Anati wagwidwa ndi vumbwe, ndipo masiku angapo sanasite epuloni.

Malume anatopa mu Febuluwale. Denga la kanyumba ka Chikondi linagwa mbali imodzi ndi mvula, ndipo Chikondi anali ndi pakati. Malume anatumiza uthenga ku Milange osawauza alamu awo, kenako anabwera kudzanena kuti Loweruka Arimando afika.

"Tinagwirizana kuti ziikire kaye, alamu."

"Nkhuku zanuzi ndi zouma, alamu. Ziikire zisaikire, Loweruka."

A Zuze sanatsutsenso. Lachisanu analongedza. Katundu wawo anali sutikesi imodzi, bulangete, nsimbi ija, ndi mipeni iwiri ya kukhitchini yokulungidwa mu epuloni. Mipando, bedi ndi mbale anasiya momwemo.

Loweruka kunacha kutagwa mvula usiku. Arimando anafika ndi makabaza awiri, njinga ina ya munthu ina ya katundu, matayala ali matope okhaokha. Tinasonkhana pabwalo, malume, mayi, Chikondi ndi mwamuna wake, ine ndi anthu ena oyandikana nafe. Abiti Juma sanabwere. Ankamveka kuseri kwa mpanda akukwecha chiwaya mwamphamvu. A Zuze anavala jekete lawo lakuda, anakhala pampando pakhonde, chipewa pabondo. Malume anaimirira kuti anene mawu otsazikana.

Anali atangoyamba pamene kuseri kwa bafa, pamulu wa mapesi akale a nandolo, kunamveka kulira kwa nkhuku ya ana. Msoti wofiira uja unatulukira, wowonda, nthenga zili nyankhalala, mapiko otambasula. Pambuyo pake pankabwera anapiye, tambirimbiri, tikugwa n'kudzuka m'matope. Unadutsa pakati pa bwalo, pakati pa makabaza awiri aja, n'kukaima pamtondo pamene unazolowera kulandira madeya.

Aliyense pamenepo ankadziwa kuti nkhuku imaikira masiku ambiri isanakhalire, ndipo imakhalira masabata atatu isanaswe.

"Alamu," anatero malume pang'onopang'ono, "nkhuku yosaikira yaswa bwanji?"

A Zuze anadzuka. Analowa m'khitchini, anatuluka ndi madeya m'manja, anagwada m'matope ndi jekete lawo lomwelo n'kuwaza pansi. Analankhula ndi nkhukuyo m'Chilomwe kwa kanthawi. Arimando, amene ankamva, anatembenukira kumbali atagwira pakamwa. Kenako a Zuze anatukula mutu.

"Iyi yokha ndiyo sinandiuze," anatero.

Chiwaya chinasiya kulira kuseri kwa mpanda. Mutu wa Abiti Juma unatulukira pamwamba pa udzu.

"Zinzakezo zinayamba mvula isanagwe!" anakuwa. "Tsiku ndi tsiku mazira pansi pa madeya, ine ndiye wolandira, ine ndiye wotukwanidwa. Ndipo inu a Dayitoni musatuzule maso. Mazirawo mwadya ndinu, pamsika, ndi mchere wanga, n'kumanena kuti a masiku ano ndi okoma!"

Woyamba kuseka anali mmodzi wa anyamata a kabaza. Kenako azimayi. Malume sanaseke. Anaima pomwepo akuyang'ana alamu awo ali chogwada. Mwa pangano lija nkhani inali yatha. Misoti inali itaikira, ndipo munthu anali atanama kwa mwini mbumba miyezi yonseyo pamaso pa mudzi. A Zuze nawonso ankadziwa. Anadzuka, anasasa mawondo, anapita pakhonde n'kunyamula sutikesi.

Mayi anga si munthu wolankhula pagulu, ndipo sindinawamvepo akutsutsa malume. Tsiku limenelo anayankhula ali chikhalire pansi, akuyang'ana anapiye.

"Achimwene, tianapiyeti tilera ndani? Mphamba achuluka chaka chino. Ine kumunda, Chikondi ali mmene alilimu. Achemwali anaitanitsa nkhukuzi okha, ndipo amene anakazitenga kumsika ndine. Musayese kuti sankadziwa chimene ankachita."

Chikondi anati iye denga lake likhoza kufoleredwa. Mwamuna wake anamuyang'ana, iye sanabweze diso. Arimando anakonza kukhosi n'kunena kuti kunena zoona kanyumba kamene anawakonzera tiyu sikanaume, komanso mtsinje wa kwawoko wadzaza, mwina mvula ikatha.

Malume anayang'ana anapiye aja. Kenako anatola ndodo yawo.

"Akule kaye anapiyewo," anatero, n'kutuluka pabwalo osatsazika.

Sananene kuti khalani. Mawu amenewo sanatuluke pakamwa pawo tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse, ndipo a Zuze sanawapemphe. Makabaza anabwerera ndi Arimando yekha, atamupatsa tambala wa Abiti Juma, amene Abitiyo anati watopa naye. Sutikesi inabwerera m'nyumba n'kukhala kuseri kwa chitseko. Zovala ankazitulutsa mmenemo n'kuzibwezera mmenemo zaka zonse zotsatira.

A Zuze sanamuthokoze Abiti Juma. Anakhala mwezi wathunthu osamulankhula, chifukwa choulula. Atayambiranso kulankhulana inali nkhani ya abakha. Patapita nthawi mayi anamufunsa Abiti kuti pangano la mazira lija analipangana liti. Iye anati sanapangane. Tsiku loyamba analandira kabeseni akutukwana zenizeni, anakapeza mazira awiri pansi pa madeya, anamvetsa, basi. Za ndalama ya mazirawo a Zuze sanafunsepo, ndipo iye sanaitchulepo.

Anapiye aja anakula, ena anadyedwa ndi mphamba, ena anasanduka misoti. Misotiyo isanayambe kuikira, ina mwa inayi yoyamba ija inali itaswa kale ena. Pakhomopo sipanasowenso nkhuku imene ikudikiridwa. Malume anapitiriza kudutsa Lamlungu pochokera kutchalitchi, ndipo moni wawo unakhala womwe uja.

"Zayamba, alamu?"

"Zatsala pang'ono, alamu."

Poyamba malume ankafunsa ataima panjira. Zaka zikupita anayamba kulowa, kukhala pampando, kulandira tiyi. A Zuze ankawapatsa wopanda shuga, ponena kuti shuga amabisa tiyi woipa ndipo wawo si woipa. Malume ankabwera ndi shuga wawo m'kapepala. Sindinganene kuti anakhala mabwenzi. Nkhani ya ulonda ija inkatulukabe nthawi zina, ndipo aliyense ankaima pomwe anaima kale. Tsiku lina malume anauza mayi kuti iwo anazindikira za mazirawo kalekale, nkhuku anaweta kuyambira ali mwana, anangofuna kuona kuti munthuyo afika nazo pati. Mayi sanakhulupirire. Ine sindikudziwa.

A Zuze anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri. Maso anayamba kuchita khungu, epuloni inayamba kukhala ndi mawanga amene iwo sankawaona, ndipo palibe anawauza. Nkhuku ankazizindikira ndi kulira kwake. Ana a Chikondi anadya mazira a kuseri kwa khitchini monga tinadyera ife. Anadwala chifuwa m'nyengo yozizira chaka chathachi, anagona kuchipatala masiku ochepa, anamwalira m'mawa mayi ali pambali pawo. Mawu omaliza amene mayi anamva anali odandaula kuti phala la kuchipatala ndi losapsa.

Panabuka funso loti akaikidwe kuti, poti mkamwini amayenera kukagona kwawo. Arimando pafoni anati achita zimene akuluakulu anene. Anthu anayang'ana malume. Iwo anati, "Apite kuti? Kakumbeni pafupi ndi achemwali." Ndipo anapita okha kumanda kukaloza malo ndi ndodo.

Nkhuku zonse za pakhomopo zinathera pamaliro. Abiti Juma anaitanitsa mlongo wake kuti ndiye azizinge mwa Chisilamu, kuti nayenso adye nawo. Anaphika yekha, osalola mayi wina kuyandikira mphika, ndipo anthu anamumva akung'ung'udza kuti mwini wake akanati anyezi wapserera.

Nyumba ija, imene inasonkhanitsa anthu kawiri konse, palibe akugonamo. Chikondi ndi mwamuna wake anasamukira ku Limbe kalekale, ndipo achinyamata a masiku ano akuti ndi yaing'ono, mawindo ake ndi akale. Kiyi ali ndi malume, koma miyendo ikuwavuta, safikako. Titachoka kumanda tsiku la chiliza ndinadutsirako. Chitseko chayamba kudyedwa ndi chiswe chakumunsi. Denga la khitchini linagwera m'kati, khola anthu anaphwasula n'kusonkhera moto. Pabwalo, pamene panali posesedwa mpaka kuwala, pamera chisoso chofika m'mawondo, ndipo wina wadzalapo mbatata mizere iwiri osapempha aliyense. M'mphepete mwa khoma lakum'mawa mudakali timaenje tosaya timene nkhuku zinakumba posamba fumbi. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo timaenje tonse tinali todzaza madzi.